Mau Akuti "Ready" ndi "Prepared": Yankho kwa Mbale Wathu wa kwa Mwape

 Phunziro lathu la Cingerezi lero licokera m'kalata imene ndalandira kwa mnyamata wina wa m'dziko la Mfumukazi Mwape, m'cigwa ca Luangwa, m'boma la Nyimba, dera limene makolo athu ankaliwerengera ku Petauke. Dzina lace sindichula, pakuti nkhani yace iri ndi kacisoni, ndipo sindifuna kuti anzace akamseke pa bwalo.

Mnyamatayu atatha sukulu analemba kalata yopempha nchito ku kampani ina ya migodi. Patapita miyezi iwiri yankho linafika, ndipo mau ace eni-eni anali awa: "We are not prepared to offer you employment." Anawerenga, nabwerezanso, natenga buku lomasulira mau, napeza kuti "prepared" ndiko kukonzeka. Tsono iye ndi anzace anamvana kuti kampaniyo ikuti, "Sitinakonzeke kukupatsa nchito," ndiko kunena kuti akali kukonza malo, ndipo akatha adzamuitana. Ciyambire tsiku limenelo wamanga katundu wace, wagulitsa mbuzi ziwiri kuti apeze ya ulendo, ndipo munda wace sanasose, poti adzausiyira yani. Funso lace kwa ine ndi lakuti: kodi ndidikirebe kumudzi, kapena ndinyamuke mvula isanaononge mseu wa ku Nyimba, ndikadikirire pafupi ndi mgodi?

Mbale wanga, sindikucedwetsani ndi mau ozungulira. Musadikire, ndiponso musanyamuke. Kalatayo ndi yokana. Ndidziwa kuti mau awa awawa, koma ndi bwino akuwaweni lero, mbeu zisanalowe m'nthaka, kusiyana ndi kuti akuwaweni mu February nkhokwe iri mbee. Ndipo musadziyese wopusa ai. Msampha umene wakukolaniwu wakola aphunzitsi ndi omasulira omwe. Kuti tione m'mene wacheredwa, tiyenera kuyamba ndi mau ena amene ayenda pamodzi ndi "prepared" monga mapasa, ndiwo "ready".

Poyamba kachulidwe. Mauwa alembedwa r, e, a, d, y, koma "a" wa pakatiyo samveka konse. Muchule "redi", monga mucita ndi "bread" ndi "head". Musawakoke ngati "read", kuwerenga. Bvuto lathu lalikuru ife olankhula Cinyanja ndi Cinsenga liri pa lemba loyambalo, cifukwa kwathu "r" ndi "l" ndi ana a mimba imodzi. Munthu anene "kulira" kapena "kulila", palibe amene amuimba mlandu. Kwa Mngerezi awa ndi malemba awiri osiyana ngati mbuzi ndi nkhosa. Ndikumbukira ku sukulu yathu ya mishoni, tsiku la mpikisano wothamanga, mphunzitsi anatifunsa ngati takonzeka, ndipo mnzanga wina, mnyamata wamphamvu wa ndebvu zoyamba kumera, anayankha mokweza kuti, "I am lady." Iye anafuna kunena kuti wakonzeka, koma cimene cinamveka n'cakuti iye ndi dona. Dzina la Dona linamkanirira kufikira tinatsiriza sukulu.

Tanthauzo loyamba la "ready", limene nonse mulidziwa, ndilo kukonzeka. Mukafuna kuchula cinthu cimene mwakonzekera muika "for": "I am ready for work." Mukafuna kuchula cocita muika "to": "I am ready to go." Koma pali kusiyana kumene anthu a m'migodi ayenera kukusunga bwino, pakati pa "getting ready" ndi "ready". Munthu amene akali kubvala majombo, akali pa mzere wolandira nyali, ameneyo ali "getting ready". Nchito yokonzekayo ikali m'kati. Amene waima pa khomo la kheji, cisoti ciri kumutu, nyali yayaka, zida zonse ziri m'cuuno, ndiye "ready". Kumudzi mkazi wako akapfuula kuti, "Ndakonzeka!" akali kufuna mpango wace, cotayika ndi mphindi zocepa cabe. Pansi pa mgodi kapitao akafunsa, iwe n'kuyankha "ready" cifukwa ca manyazi pamene mnzako akali kuseri kwa mwala, makina adzayenda pokhulupirira mau ako. Kumeneko yankho labwino la munthu wosatsiriza ndi "not yet", ndipo palibe manyazi pa mau amenewo.

Pa zinthu zosakhala anthu, Mngerezi ndi mmphawi ndipo ife ndife olemera. Ife timati nsima yapsa, mowa wapsa, cimanga cakhwima, mbeu zaca, fodya wauma, nyumba yatha, msampha wacheredwa. Ciri conse ciri ndi mau ace, ndipo womva adziwa cimene cacitika kuti cinthuco cifike pamenepo: moto, dzuwa, masiku kapena manja a munthu. Mngerezi zonsezi angaziphatikize m'mau amodzi: "The food is ready, the beer is ready, the maize is ready, the house is ready." Amene amati cinenero cathu n'cosauka aziyamba aganizira pamenepa. Koma cuma comweco cimatipunthwitsa pomasulira. Mtsikana wogwira nchito ya m'nyumba ku Lusaka, pofuna kunena kuti cakudya capsa, angapite kwa mwini nyumba nati, "The food is burnt," ndipo mwini nyumbayo adzathamangira ku khichini ali wokwiya, pakuti wamva kuti cakudya capserera. Mtsikanayo sanalakwe Cinyanja. "Kupsa" kwathu kusenza zonse ziwiri, kupsa kwa nsima ndi kupsa kwa nyumba. Anangosankha mbali yolakwika.

Nthawi zina "ready to" satanthauza kukonzeka konse, koma kutsala pang'ono. "That wall is ready to fall." Cipupa sicimanga katundu kapena kutsazika abale, cangotsala pang'ono kugwa. Apa musadabwe, cifukwa ifenso timati "nyumba ifuna kugwa" ndi "mvula ifuna kubwera", ngakhale nyumba iribe mtima wofuna kanthu.

Ndiponso mauwa amanena za mtima wa munthu. "She is always ready to help" ndiye mai uja amene safunika kumpempha kawiri, pa maliro ndiye woyamba kufika ndi nkhuni. Pamenepa ndi pocokera "readily", kucita cinthu msanga ndi mosanyinyirika. Koma mukamva Mngerezi waikapo "too", dziwani kuti ciyamiko casanduka citonzo: "He is too ready to blame others" ndi munthu wofulumira kuloza anzace cala. Ndipo mwana amene ali ndi "a ready answer", yankho liri pa mlomo nthawi zonse, Angerezi ena amuyesa wocenjera. Kwathu agogo angati ndi wamwano.

Inu a m'matauni mwaonanso mauwa pa malonda. "Ready money" kapena "ready cash" ndi ndalama za m'manja, zoti ulipire pomwepo, osati za ngongole kapena zolonjeza pa kutha kwa mwezi. Akuru anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pa cala ngwa mphepo. "Ready money" ndiye fodya wa pamphunoyo. "Ready-made" ndi cobvala cosokeratu ca m'sitolo, cosiyana ndi cimene telala wa pa khonde akupima ndi cingwe cace. Ndipo akalaliki akale a m'masitolo ankasunga kabuku kochedwa "ready reckoner", m'mene munali masamu owerengeratu. Kanali kofunika ndithu masiku a mapaundi, pamene mapeni 12 ankapanga sheleni imodzi ndi masheleni 20 paundi imodzi. Kuwerengera mtengo wa mayadi 7 a nsaru pa mtengo wa masheleni ndi mapeni kunkatulutsa thukuta. Kwacha ndi ngwee zitalowa mu January 1968, masamu anapepuka, ndipo masiku ano kabukuko kanalowedwa m'malo ndi foni ya m'thumba.

Ife a pa wailesi tiri ndi cifukwa cathu-cathu cokondera mau awa. Mu 1949 munafika m'dziko muno kawailesi kozungulira konga sefuliya, kamene Azungu anakacha Saucepan Special. Bwana Harry Franklin, amene ankayang'anira za nkhani m'boma la Northern Rhodesia, ndiye anabvutika kufunafuna kampani yopanga wailesi yoti munthu wamba angathe kugula, ndipo imene inabvomera inali kampani ya mabatire ya ku Britain yochedwa Ever Ready. Kawailesiko kankagulidwa mapaundi 5, batire lace masheleni 25. Dzina la kampanilo litanthauza cokonzeka nthawi zonse. Agogo anga anali nako kawailesi kotere, ndipo ankaseka kuti dzinalo linali loona kufikira tsiku limene batire latha. Pamenepo mudzi wonse unkakhala cete kudikira munthu wopita ku boma.

Pali mau ena amene asokoneza ana a sukulu, ndiwo "already". Anabadwa mwa "all" ndi "ready", koma anasamuka kwao kale-kale, ndipo tsopano atanthauza kuti cinthu cacitika kale. "They are all ready" ndiko kuti onse akonzeka. "They have already gone" ndiko kuti apita kale. Pomveka afanana, koma woyambayo akuuza kuti fulumira akukudikira, waciwiriyo akuuza kuti basi yakusiya.

Akatswiri ofufuza magwero a mau amati "ready" ndi mau akale a Angerezi eni, ndipo ambiri a iwo aganiza kuti ndi pacibale ndi "ride", kukwera kavalo. Munthu wa "ready" anali amene wamanga zonse, wangotsala kukwera ndi kunyamuka. "Prepared" ndi mlendo, anacokera ku Cilatini: "prae" ndiko patsogolo, "parare" ndiko kukonza, tsono pamodzi ndiko kukonzeratu. Ici n'cizolowezi ca Cingerezi, kukhala ndi mau awiri a cinthu cimodzi, ena a pakhomo ndi ena obvala jekete. Mai aitana ana kuti cakudya ciri "ready". Loya ndi kalaliki alemba "prepared". Ndipo "prepared" akumbutsa nchito imene inagwiridwa cinthu cisanafike: mphunzitsi akonza phunziro usiku, mlimi asosa munda mu September ndi October. Ndico cifukwa cace Lord Baden-Powell, amene anayambitsa Masikauti ku England mu 1907, anasankha mau akuti "Be Prepared" kukhala mbiri ya anyamata ace, osati "ready". Anafuna mwana amene waphunziriratu kumanga mfundo ndi kumanga bala tsoka lisanagwe. Malemba oyamba a mau awiriwo, B ndi P, ndiwonso malemba a dzina lace.

Tsono tafika pa msampha uja. "Prepared" akatsatana ndi "for", tanthauzo ndi lomwe lija la kukonzekera. "We were not prepared for the rain": mvula inatidzidzimutsa, denga tisanafolere. Apa mbale wathu wa kwa Mwape akadamasulira bwino lomwe. Koma "prepared" akatsatana ndi "to" ndi mau a cocita, kawiri-kawiri, makamaka m'makalata a maofesi, sanena za kukonza zinthu ai. Anena za kulola. "I am prepared to pay half" ndi munthu amene waganiza, wayesa mbali zonse, ndipo ati: ndilola kulipira theka, kupitirira apo ai. Tsono mukaikapo "not", muli ndi kukana kwathunthu. "I am not prepared to pay" sindiko kuti ndalama sindinazisonkhanitse. Ndiko kuti sindilipira, ngakhale ziri m'thumba. "We are not prepared to offer you employment" ndiko kuti sitikulembani nchito. Ndipo ndinene zoona, mau amenewa ndi ouma kuposa "no" weni-weni, pakuti aonetsa kuti wolembayo waiganizira nkhaniyo ndipo watseka citseko.

Mungafunse kuti, nanga akadafuna kuti ndidikire akadalemba ciani? Akadaika kamau kakang'ono kakuti "yet": "We are not yet ready to take new workers." Kapena akadalonjeza poyera kuti adzalembanso, nachula mwezi. Pamene palibe "yet", palibe tsiku, palibe lonjezo, musadziikiremo nokha. Ngakhale mau onga "at present", ndiko kuti pakali pano, nthawi zambiri ndi mafuta ongodzoza pa bala.

Ena adzati Angerezi ndi aciphamaso, bwanji osangonena kuti takana? Koma tisafulumire kuwaweruza, pakuti ifenso ndi momwemo. Mukapita kwa amalume kukabwereka ndalama, iwo nayang'ana pansi nati, "Tamva, mphwanga, tiyambe taona," kodi mumabwerako mawa ndi thumba? Ankhoswe akapita kukafunsira mbeta, eni mwana nati, "Mwanayu akali wamng'ono," pamene msinkhu wace uoneka ndi maso, munthu wa nzeru adziwa kuti akanidwa mwaulemu. Mlendo wophunzira Cinyanja m'buku angadikire caka cathunthu kuti mwanayo akule. Buku lomasulira mau likuuzani tanthauzo la liu liri lonse palokha. Za mwambo wa kukana siliri nazo.

Inu a m'migodi mau awa muwasunge koposa, cifukwa amamveka pa gome la zokambirana za malipiro. Ciyambire 1949, pamene Bambo Lawrence Katilungu ndi anzao anakhazikitsa cigwirizano ca anchito a ciAfirika a m'migodi, nthumwi zanu zakhala zikubwera kudzakuuzani zimene eni migodi ayankha. Nthumwi ikamva kuti "not prepared to discuss" niuza anthu kuti mabwana sanakonzeke, tidikire, yasokeretsa msonkhano wonse. Mau oona ndi akuti akana kukambirana. Anthu akamva coona angathe kupangana cocita. Akamva kuti adikire, angokhala.

Pali kudikira kwina kumene makolo athu anauzidwa, ndipo sindingathe kukamba za "ready" osakuchula. M'zaka za Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 kufikira kumapeto kwa 1963, mau amene ankamveka kawiri-kawiri pakamwa pa olamulira anali akuti anthu akuda ali "not yet ready" kudzilamulira. Taonani kuti "yet" uja analipo, koma tsiku silinkachulidwa. Munali kacoonadi m'mauwo, pakuti pofika pa 24 October 1964, tsiku la ufulu, dziko lonse la Zambia linali ndi anthu ace ngati 100 okha otsiriza maphunziro a yunivesite, ndipo yunivesite yathu inatsegulidwa mu 1966, ufulu utabwera kale. Koma funso limene makolo ankafunsa linali labwino: nsima ikacedwa kupsa, mlandu ngwa ufa kapena ngwa wosonkha moto? Amene ankati anthu sanakonzeke ndi omwewo amene anagwira makiyi a sukulu. Poyang'ana m'mbuyo, ine ndiganiza kuti ambiri a iwo ponena "not yet ready" mumtima ankatanthauza "we are not prepared to". Pakamwa ankanena za kusakonzeka kwa ena, pamene nkhani inali kusalola kwao. Mau awiri omwewa amene asokoneza mnyamata mmodzi wa kwa Mwape anasokonezapo dziko lathunthu.

Tsono ndibwerere kwa inu, mbale wanga. Masulani katundu uja. Tengani khasu mawa m'mamawa; mvula yobzalira kwanuko siicedwa kupitirira November kapena kuciyambi kwa December, ndipo munda wosasosa sudikira kalata. Ndalama za mbuzi zija musadye. Gulani mbeu, zotsala musunge, pakuti ulendo ungadzafunikebe. Kukana kwa kampani imodzi sikutseka migodi yonse. Kuli ya ku Copperbelt, kulinso ya ku Solwezi ndi Kalumbila, ndipo kalata siilemera. Polembanso, mau athu awiriwa akuthandizeni inu tsopano. Lembani kuti, "I am ready to start work at any time," ndiko kuti palibe cokucedwetsani. Ndipo ngati mtima wanu ulola ndithu, onjezani kuti, "I am prepared to work underground," ndiko kuti mwaganizira za mdima ndi kutentha kwa pansi, ndipo mwalola. Koma ciganizo caciwirici musacilembe cifukwa cakuti camveka bwino pa wailesi. Yambani mwafunsa wina amene anatsikako, mufunsenso amai anu.

Yankho likadzabwera, musaliwerenge ndi anzanu okha-okha amene akufunirani zabwino, pakuti cikondi cimawerenga zimene palibe. Pitani nalo kwa aphunzitsi a pa sukulu ya kwanuko, kapena litumizeni kuno tidzaliwerengere pamodzi.

Sabata ya mawa tidzakamba za "borrow" ndi "lend", amene ife tonse tiwamanga m'liu limodzi la kubwereka, ndipo adanitsa anthu ambiri m'makomboni. Tsalani bwino nonse, mugone bwino.